Uthenga Woyenda Dzanja ndi Dzanja: Mbiri ya Kakompyuta ka M'thumba ndi Wailesi

Tsiku lina mukafunse agogo anu mmene uthenga unali kuyendera kale mafoni a m'manja asanabwere. Adzakuuzani kuti munthu wokhala ku Lusaka akafuna kudziwitsa abale ake ku Katete kuti mwana wadwala, anali kulemba kakalata ndi kupita nako ku siteshoni ya mabasi. Kumeneko anali kupatsa kondakitala. Kondakitala anali kukasiya kalatayo pa golosale ya m'mbali mwa mseu, mwini golosale anali kupatsira mwana wa sukulu wopita ca kumudziko, ndipo pofika madzulo kalata inali m'manja mwa mwini wake. Anthu atatu aja sanali kumudziwa wodwalayo, koma aliyense ananyamula uthenga kagawo kake ka ulendo.

Masiku ano tinazolowera kungotobwanya foni, uthenga wapita. Koma mu caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ambiri a inu munaona foni iri m'manja koma netiweki palibe. Kodi zikatero uthenga ungayende bwanji? Funso limeneli si latsopano. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ku America kunali anthu amene anali kuyenda ndi kakompyuta m'thumba la shati ndi kawailesi pa lamba, namatumizirana mauthenga olemba ali paulendo, popanda kampani iriyonse ya lamya. Njira yawo inali yofanana kwambiri ndi ija ya kondakitala ndi mwana wa sukulu. Tiyeni tione mmene inayambira.

Kodi ma ham ndani?

Wailesi imene tiri nayo m'nyumba imangolandira mau. Koma pali mawailesi ena amene amalandira ndi kutumizanso. Pa 12 December 1901, Guglielmo Marconi ali ku St John's ku Newfoundland anamva cizindikiro ca cilembo S cimene cinatumizidwa kucokera ku Poldhu ku England, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. M'zaka zotsatira acinyamata ambiri ku Ulaya ndi ku America anayamba kudzipangira okha mawailesi otumiza ndi kulandira, pogwiritsa nchito mawaya, mabatire ndi zitsulo zimene anali kuzipeza. Anthu otere, amene amacita za wailesi cifukwa congozikonda, amachedwa ma ham, ndipo nchito yawo imachedwa amateur radio.

Munthu sakhala ham mwa kungogula wailesi. Amafunika cilolezo ca boma la dziko lake, ndipo m'maiko ambiri amayamba walemba mayeso. Akapambana amapatsidwa dzina la pa wailesi, la zilembo ndi manambala, limene palibe wina ali nalo pa dziko lonse. Zilembo zoyamba zimasonyeza dziko. Mukamva dzina loyamba ndi 9J, dziwani kuti ndi wa kuno ku Zambia, ndipo loyamba ndi 7Q ndi la ku Malawi. Malamulo awo amaletsa kucita malonda pa wailesiyo, kulipiritsa munthu pomutumizira uthenga, ndiponso kubisa tanthauzo la mau. Ciriconse cimene ham atumiza, aliyense wochera khutu akhoza kucimva.

Munthu wa pakati

Mu 1914 ku Hartford, mu boma la Connecticut, kunali ham wina dzina lake Hiram Percy Maxim. Iye anafuna kutumiza uthenga kwa munthu wa ku Springfield, mtunda wosapitirira makilomita 50, koma wailesi yake inalephera kufika. Ndiye anakumbukira kuti pakati pa mizinda iwiriyo, pa Windsor Locks, panali ham mnzake. Anatumiza uthengawo kwa iye, iyenso anaupitiriza ku Springfield.

Kanthu kakang'ono kameneka kanam'patsa Maxim nzeru. Ngati ma ham atagwirizana kumapatsirana mauthenga, wailesi yofooka ikhoza kufikitsa mau kutali kwambiri. Caka comweco anayambitsa bungwe lochedwa American Radio Relay League. Liu lakuti relay limatanthauza kupatsirana, monga mucitira pa mpikisano wothamanga wa kusukulu pamene wina apatsira mnzake kamtengo. Musaiwale liu limeneli, cifukwa mbiri yonse imene ikutsatirayi yatsamira pa ilo.

Kwa zaka zambiri ma ham anapatsirana mauthenga ndi mau a pakamwa kapena ndi zizindikiro za Morse. Vuto linali lakuti munthu wa pakati anayenera kukhala maso, cholembera ciri m'manja. Akagona, kapena akapita ku nchito, uthenga unali kuima pomwepo.

Mauthenga m'timaphukusi

Mu 1971 pa University of Hawaii, Norman Abramson ndi anzake analumikiza makompyuta a pa zisumbu zosiyana-siyana pogwiritsa nchito wailesi. Makina awo anachedwa ALOHAnet. Nzeru yake inali yakuti uthenga uzitumizidwa m'timaphukusi tating'ono. Kaphukusi kalikonse kamakhala ndi dzina la wotumiza, dzina la wolandira, ndi nambala yothandiza wolandirayo kudziwa ngati mau afika osaonongeka. Ziri monga matumba a cimanga olembedwa maina amene akwezedwa pa lole imodzi. Eni ake ndi ambiri, lole ndi imodzi, koma thumba liri lonse lifika kwa mwini wake.

Ma ham a ku Canada anatengera nzeru imeneyi, ndipo mu 1978 ku Montreal anatumizirana timaphukusi toyamba pa mawailesi awo. Njirayi inachedwa packet radio. Pakati pa kompyuta ndi wailesi anali kuikapo kabokosi kochedwa TNC. Nchito yake ndi kusandutsa zilembo kukhala kulira kwa mitundu iwiri, kwina kotsika kwina kokwera, kwa 1200 Hz ndi 2200 Hz. Mukamva pa wailesi, phokoso lake liri ngati munthu wang'amba nsalu mofulumira. M'kaphokoso kameneko mumadutsa zilembo pafupi-fupi 150 pa sekondi imodzi. Mu 1984 ma ham anavomerezana malamulo amodzi a kapangidwe ka timaphukusi, ochedwa AX.25, ndipo mu 1985 gulu la ku Tucson ku Arizona lochedwa TAPR linatulutsa kabokosi ka TNC-2, kamene makampani ambiri anakopera ndi kugulitsa pa mtengo wotsikirako.

Cinthu cokondweretsa cinali cakuti kabokosi kameneka kanali kutha kugwira nchito ya munthu wa pakati uja. Kakamva kaphukusi kopempha thandizo, kanali kukabwereza nthawi yomweyo kuti kapite patsogolo. Siteshoni yocita zimenezi imachedwa digipeater. Ma ham anayamba kuika ma digipeater pamwamba pa mapiri ndi pa nyumba zazitali, ndi ndalama za m'thumba mwawo, kuti athandize aliyense wodutsa.

Luso limeneli linafika ndi kwathu kuno. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, intaneti isanafike mokwanira m'dziko muno, bungwe la SatelLife linaika siteshoni ya HealthNet pa University of Zambia. Madokotala anali kutumiza ndi kulandira makalata kudzera pa kasetilaiti kakang'ono kopangidwa ku Surrey ku England, kamene kanali kunyamula mauthenga pakudutsa ndi kukawatula ku maiko ena. Timaphukusi take tinali ta mtundu womwewo umene ma ham anakonza.

Mpikisano wa akavalo

Packet radio yoyambayo inali ndi cofooka cimodzi. Masiteshoni awiri anayenera kulumikizana kaye, monga pa lamya, asanayambe kulankhulana. Kwa munthu wokhala m'nyumba zinali bwino. Koma kwa munthu woyenda, amene akulowa m'cigwa ndi kutulukamo, kulumikizanako kunali kuduka-duka. Ndiponso pa nthawi ya ngozi, anthu khumi akafuna kudziwa cinthu cimodzi, anayenera kuuzidwa mmodzi-mmodzi.

Amene anaona vuto limeneli anali Bob Bruninga, wa dzina la pa wailesi WB4APR, msilikali wa pamadzi amene pambuyo pake anakhala injiniya pa United States Naval Academy ku Annapolis. Mu 1982 analemba pulogalamu pa kompyuta ya Apple II yoonetsa pa mapu malo amene zombo zinali. Mu 1984 anakonza ina pa kakompyuta kochipa ka Commodore VIC-20 kuti athandize pa mpikisano wa akavalo wa makilomita 160. Taganizirani: akavalo ndi okwerapo amwazikana m'chire tsiku lonse, ndipo oyang'anira afuna kudziwa amene wadutsa pamalo akuti, amene watsalira, ndi amene wavulala. Bruninga anaganiza kuti siteshoni iriyonse izingolengeza mwacidule zimene yaona, osayamba yalumikizana ndi wina, ndipo onse akumva azilemba. Ndi mmene acitira wolengeza wa amfumu madzulo. Amaima pabwalo, nanena kamodzi, mudzi wonse wamva.

Anapitiriza kukonza njirayi mpaka mu 1992 pamene inadziwika ndi dzina lakuti APRS. Pa nthawi yomweyo makina a GPS, amene amauza munthu malo amene waima pomvera masetilaiti, anayamba kupezeka m'masitolo. Ham akalumikiza GPS ku TNC ndi wailesi, galimoto yake inali kuoneka ikuyenda pa mapu a anzake onse. Ambiri anaganiza kuti APRS ndi yolondolera magalimoto cabe. Bruninga anali kuwakumbutsa kawiri-kawiri kuti colinga cake cinali cakuti anthu a dera limodzi azidziwitsana zonse zocitika: nyengo, misonkhano, ngozi, ndiponso mauthenga a munthu ndi mnzake.

Kompyuta ilowa m'thumba

Koma kuti muwerenge ndi kulemba mauthenga munafunika kompyuta, ndipo makompyuta onyamula a nthawi imeneyo anali olemera, okwera mtengo, a batire yotha m'maola ocepa. M'galimoto zinali zotheka. Nanga munthu wa pa njinga kapena wokwera phiri?

Yankho linacokera kwa munthu amene sanali kuganiza za wailesi n'komwe. Jeff Hawkins, amene anayambitsa kampani ya Palm ku California, anafuna kupanga kompyuta yolowa m'thumba la shati. Asanaipange, anasema kathabwa ka msinkhu umene anali kuufuna nayenda nako kwa masiku ambiri, akumayerekeza kulembapo ndi kamtengo, kuti aone ngati cinthu cotere cingamuthandizedi. Mu 1996 kampaniyo inatulutsa Pilot 1000, imene inali kusunga zinthu zokwana 128 KB. Mu 1998 kunabwera Palm III ya 2 MB. Cithunzi cimodzi cimene mujambula ndi foni lero nthawi zambiri cimaposa pamenepo. Galasi lake linalibe mitundu, ndipo munthu anali kulemba cilembo cimodzi-cimodzi ndi kamtengo ka pulasitiki m'kalembedwe kapadera kochedwa Graffiti.

Kakompyuta kameneka kanapangidwira anthu a m'maofesi kuti azisungamo maina ndi masiku a misonkhano. Koma ma ham anaonamo zinthu ziwiri. Coyamba, kanali kuyendera mabatire awiri ang'ono a AAA amene anali kukhala masabata angapo. Caciwiri, kunsi kwake kunali polowetsa waya wolumikizira ku kompyuta yaikulu ya pa tebulo, ndipo waya wa mtundu womwewo ndi umene TNC inali kugwiritsa nchito. Ham wina dzina lake Mike Musick analemba pulogalamu yochedwa pocketAPRS, imene inaika mapu ndi mauthenga a APRS pa kagalasi ka Palm. Mu 1998 momwemo kampani ya Kenwood ya ku Japan inatulutsa kawailesi ka m'manja ka TH-D7 kokhala ndi TNC m'kati mwake. Siteshoni imene zaka khumi m'mbuyomo inali kudzaza tebulo, tsopano inakwana m'matumba awiri.

Tiyende naye

Kuti mumvetse bwino, tiyerekeze kuti tiri ndi ham wina amene akuthandiza pa mpikisano wa njinga m'mapiri. Waima pa mlatho, kutali ndi lamya iriyonse, ndipo wopalasa mmodzi wagwa. Ham uja aturutsa Palm yake, alemba dzina la pa wailesi la mnzake amene ali poyambira mpikisano, kenaka alemba uthenga. Pa APRS uthenga umodzi sungapitirire zilembo 67, kuwerengera ndi mipata yomwe. M'cinenero cathu ungakhale wotere: "Tiri pa mlatho. Mmodzi wathyoka mwendo. Tumizani galimoto." Werengani nokha, mupeza zilembo 58.

Pulogalamu iika nambala kumapeto kwa uthengawo, niutumiza pa waya kupita ku TNC. Wailesi ilira kaphokoso kaja kwa sekondi imodzi, basi yatha. Wailesi ya m'manja iri ndi mphamvu yocepa, mawati 5 okha, ndipo mafunde a mtundu umenewu sakonda kukhota mapiri. Motero mnzake uja sangamve mwacindunji. Koma pamwamba pa phiri pali digipeater imene ham wina, amene mwina sadziwa kuti lero kuli mpikisano, anaiika kale-kale. Imva kaphukusi, nikabwereza, ndipo cifukwa iri pamwamba mau ake afika makilomita makumi angapo.

Uthenga ukafika, makina a wolandira abweza okha kayankho kakafupi kochedwa ack, kokhala ndi nambala ija. Tanthauzo lake ndi lakuti ndalandira. Ngati wotumiza sanamve kayankhoko, makina ake abwereza uthengawo, akumadikira nthawi yotalikirapo pakati pa kuyesa kulikonse, ndipo pomaliza amudziwitsa kuti zalephereka. Cotero munthu sakhala ndi ciyembekezo cabodza cakuti thandizo liri m'njira. Pa nthawi yomweyo GPS yake yalengeza kale malo a mlathowo, ndipo woyendetsa galimoto akuuona pa mapu.

Musaganize kuti zonse zinali zosalala. Mawaya anali kukolana m'thumba, polumikizira panali kumasuka munthu akamayenda, mapu anayenera kukhala a dera laling'ono kuti akwane, ndipo kulemba ndi kamtengo manja akunjenjemera sikunali kwapafupi. Komanso mpaka mwezi wa May 2000 boma la America linali kusokoneza dala GPS ya anthu wamba, kotero kuti malo anali kuphonya ndi mamita ofika 100. Ngakhale zinali tero, uthenga unali kufika, ndipo palibe amene anali kulipira ngwee.

Mwina mwaona kuti zimenezi zifanana ndi SMS. Zoonadi. SMS yoyamba inatumizidwa ku Britain pa 3 December 1992, caka comwe APRS inapatsidwa dzina, ndipo inali kulola zilembo 160. Kusiyana kwake ndi kwakuti SMS imadutsa pa milongoti ndi makompyuta a kampani, ndipo zimenezo zikaima uthenga uimanso. Uthenga wa APRS umadutsa mwa anansi.

Pamene onse alankhula nthawi imodzi

Kuti aliyense amve mnzake, masiteshoni onse a APRS m'dera amakhala pa mpata umodzi wa pa wailesi. Ku North America mpatawo ndi 144.390 MHz. Anasamukirapo mu 1998, kusiya mpata wawo wakale kuti usasokoneze ma ham olankhula ndi a m'mlengalenga. Ku Ulaya amagwiritsa nchito 144.800 MHz. Pa mpata umodzi, awiri akatumiza nthawi imodzi timaphukusi tawo timaombana ndipo tonse timaonongeka.

APRS itachuka, vuto linabuka. Anthu ena anafuna kuti amveke kutali kwambiri, ndiye anali kupempha ma digipeater ambiri kuti abwereze kaphukusi kawo. Digipeater imodzi ikabwereza, zinai zimva nizibwereza, ndipo zina zambiri zimva zinaizo. Kaphukusi kamodzi kanali kubala makumi. M'mizinda ikulu-ikulu mpata unadzaza, ndipo amene anavutika koposa anali wa kawailesi ka m'manja uja, munthu amene njirayi inayenera kumuthandiza.

Panalibe kampani yoti ilamule. Ma ham anayenera kukambirana okha, ndipo ca m'ma 2004 Bruninga anatsogolera kusintha. Anagwirizana kuti kaphukusi kazinyamula ciwerengero ca maulendo amene kaloledwa kubwerezedwa, ndipo digipeater iriyonse izicotsapo cimodzi. Wolemba WIDE2-2 wapempha kubwerezedwa kawiri. Yoyamba isandutsa WIDE2-1, yaciwiri imaliza, ndipo kaphukusi kaima. Anagwirizananso kuti siteshoni yosayenda isamalengeze malo ake pafupi-pafupi. Aliyense anacepetsako mau ake, ndipo onse anayambanso kumveka.

Kufika kutali

Nanga wofuna kutumiza uthenga ku dziko lina? Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 dokotala wina wa ku Florida, Steve Dimse, amenenso anali ham, anakonza makompyuta olumikiza APRS ndi intaneti. Masiteshoni ena anakhala ngati zipata. Akamva kaphukusi pa wailesi amakalowetsa pa intaneti, ndipo cipata ca kufupi ndi wolandira cimakatulutsanso pa wailesi. Motero munthu wa pa mlatho uja anatha kulembera mnzake wa kutsidya kwa nyanja.

Bruninga anayang'ananso kumwamba. Pamodzi ndi ophunzira ake a ku Naval Academy anapanga kasetilaiti kochedwa PCSAT, kamene kanaponyedwa m'mlengalenga kucokera ku Kodiak ku Alaska mu September 2001. Kanali digipeater youluka. Pa International Space Station, imene imazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 400 kumwamba, ma ham anaikaponso digipeater pa 145.825 MHz. Imadutsa pamwamba pa malo amodzi kwa mphindi khumi kapena kucepera, ndipo pa mphindi zimenezo munthu wa wailesi ya m'manja ndi mlongoti woyenera akhoza kufikitsa uthenga wake pa mtunda wa makilomita mazana ambiri. Munthu wa pakati wa Maxim uja anacoka pa Windsor Locks, nakwera phiri, kenaka nakafika kumwamba.

Kakompyuta kanatha, njira inatsala

Nthawi ya Palm sinakhalitse. Mu 2007 kunabwera iPhone, kenaka mafoni a Android, ndipo anthu sanafunenso kunyamula kakompyuta kapadera. Mu 2010 kampani ya Palm inagulidwa ndi HP, ndipo mu 2011 HP inaleka kupanga makina amenewo. Koma APRS inasamukira m'mawailesi atsopano okhala ndi GPS ndi galasi lawo-lawo, ndiponso m'mafoni kudzera m'mapulogalamu monga APRSdroid. Foni yolumikizidwa ku wailesi imagwira nchito imene Palm inali kugwira, ngakhale pamalo opanda netiweki. Bob Bruninga anamwalira mu February 2022, patapita zaka 40 cilembereni pulogalamu yake yoyamba ija.

Kodi zimenezi ziri ndi phindu m'dziko lodzala mafoni? Mu September 2017 cimphepo ca Maria cinakantha cisumbu ca Puerto Rico, ndipo milongoti ya mafoni yoposa 90 pa 100 iriyonse inaleka kugwira nchito. Bungwe la American Red Cross linapempha American Radio Relay League, lija la Maxim, kuti lipeze ma ham 50 odzipereka. Amene anapita kumeneko anagwira nchito pamodzi ndi ma ham a pa cisumbupo, kunyamula mauthenga a zipatala ndi a magulu opereka thandizo, ena ndi mau a pakamwa, ena olemba pa kompyuta. Anatha kutero cifukwa anali ataphunzira ndi kuyeserera kale pa masiku a mtendere, pa zinthu zooneka zazing'ono monga mipikisano ya njinga ndi ya akavalo.

Tinene zoona, wailesi ya ham singalowe m'malo mwa foni. Singanyamule vidiyo, singatumize ndalama, ndipo siisunga cinsinsi. Imafunanso anthu okwanira m'dera, pakuti digipeater siimera yokha pa phiri monga bowa. Wina ayenera kuigula, kuikweza, ndi kumapita kukaona batire yake. Kwathu kuno ma ham ndi ocepa. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani iyi mwambiwo ndi woona kotheratu.

Nanga inu?

Ngati nkhaniyi yakukopani, yambani ndi zimene ziri pafupi. Limbikirani masamu ndi sayansi kusukulu, maka-maka za magetsi ndi mafunde. Kumvetsera wailesi ya shotiwevu usiku kudzakuphunzitsani zambiri za mmene mafunde ayendera. Koma musayese kutumiza mau pa wailesi popanda cilolezo, pakuti ndi mlandu, ndiponso mukhoza kusokoneza ndeke kapena ambulansi. M'dziko muno amene amayang'anira mafunde a wailesi ndi kupereka zilolezo ndi a ZICTA.

Ngakhale amene simudzagwirapo wailesi yotere, pali zimene mungatengepo lero lomwe. Phunzirani kunena cinthu cofunika m'mau ocepa: muli kuti, cacitika n'ciyani, mufuna ciyani. Mukalandira uthenga, yankhani kuti mwalandira, kuti wotumayo asakhale m'cikaiko. M'magulu anu a pa foni musatumize zinthu zambiri-mbiri zimene zingakwirire uthenga wa mnzanu amene ali pa mavuto. Ndipo uthenga wa munthu wina ukadzera kwa inu, ngakhale simumudziwa, upitirizeni msanga ndiponso monga mmene unaliri, osaonjezera kapena kucotsapo. Tsiku lina wa pa mlatho uja adzakhala inu.

Zokambirana m'gulu lanu

1. Aliyense alembe uthenga wosapitirira zilembo 67 wodziwitsa anzake kuti mtsinje wasefukira ndipo ana a sukulu atsekeredwa kutsidya. Werengeranani, ndipo sankhani umene wamveka bwino koposa.

2. Mafoni atati aleke kugwira nchito kwa masiku atatu, kodi uthenga wa matenda ungayende bwanji kucokera kwanu kufika ku cipatala ca pafupi? Chulani maina a malo ndi anthu amene ungadzere.

3. Ma ham amene anaika ma digipeater pa mapiri sanali kulipidwa, ndipo ambiri amene anathandizidwa sanawadziwe. Kodi m'mudzi kapena m'komboni mwanu ndani amene amagwira nchito yotere?